Tsiku Limene Ndinadumpha Apongozi pa Mgonero

Ine ndine wokhoma zidebe. Sukulu ndinalekera Sitandade 5, ndipo mpaka lero ndikamawerenga chala chimayenda pamzere. Kwathu ndi kwa Chiwalo, koma ndinakakwatira kwa Nazombe n'kukhala komweko pachikamwini, monga amachitira amuna ambiri akwathu. Njerwa ndinaumba ndekha, denga ndinakhoma ndekha, koma dothi linali la eni ake. Amene anakhalapo pachikamwini akudziwa. Ukhoza kubereka ana asanu pamudzi, koma pakagwa nkhani umakhala kumbuyo. Akakufunsa uyankhe, akapanda kukufunsa uzisenda nzimbe yako.

Nyumba ya apongozi anga aakazi inali kuseri kwa nkhokwe yathu, mtunda woti ukatsokomola amva. Komabe zaka khumi ndi ziwiri zinatha tisanalankhulanepo maso ndi maso. Ndi mwambo wathu umenewo. Mkamwini ndi mayi wa mkazi wake sayang'anizana, sadyera pamodzi, sapatsana chinthu pamanja. Mukakumana panjira, mmodzi amapatukira kutchire, ndipo nthawi zambiri wopatukayo ndinali ine, chisoso chikundimata m'buluku. Anthu a m'tauni amayesa chidani, koma ndi ulemu. Mayiwo ankandikonda, ndimadziwa. Akaphika kalongonda, nyemba zija zofuna kuwiritsa tsiku lonse, mbale yoyamba ankapatsira mkazi wanga kuti andibweretsere. Ndowa yawo ikabooka ndinkaipeza pakhonde panga m'mawa, madzulo n'kuibwezera pakhonde pawo itamatidwa. Mabanja ena amauthetsa mwambowu ana akabadwa angapo: achibale amasonkhana, n'kudya pamodzi, n'kunena kuti tsopano mukhoza kulankhulana. Kwa ife woitanitsa zimenezi anayenera kukhala amalume a mkazi wanga, mwini mbumba, koma iwo chaka ndi chaka ankangoti tiona tikakolola.

Zipani zambiri zitabwera, chilichonse chinayamba kufuna voti. Komiti ya pamjigo voti, komiti ya sukulu voti, ngakhale wosunga mpira wa anyamata. Matendawa anafikanso kutchalitchi kwathu. Tinali ndi akulu a mpingo awiri, mmodzi n'kumwalira, wotsalayo anali nkhalamba yoti ikagwada imafuna woidzutsa. Mpingo unati tisankhe wina, ndipo tisankhe ndi timapepala, osati kukweza manja ngati kale.

Mayina anatchulidwa awiri. Oyamba anali ahedi a pasukulu yathu, munthu wa kuchigawo chapakati, wodziwa Baibulo ngati m'thumba mwake. Achiwiri anali amalume a mkazi wanga omwe aja. Mlembi atafunsa ngati pali dzina lina, mayi wina kumbuyo anati, "Nanga okhoma zidebe aja?" Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo, koma mlembi analemba. Anang'amba kope la mwana wasukulu n'kutigawira. Poti ambiri sadziwa kulemba, anati wofuna ahedi ajambule mzere umodzi, wofuna amalume mizere iwiri, wofuna ine itatu. Ine ndinajambula umodzi. Powerenga, mulu wa mizere itatu unaposa inayo.

Ndinakhala pabenchi pakamwa pali yasa. Pambuyo pake ndinamva mmene zinayendera. Amayi, amene ndiwo ochuluka mumpingo, sanafune ahedi chifukwa ankawadzudzula akamacheza m'Chilomwe pabwalo la tchalitchi. Amalumenso sanawafune chifukwa cha pakamwa pawo. Ndiye ndinatsala ine, munthu amene sanakwiyitsepo aliyense chifukwa sanalankhulepo. Kodi kumeneko n'kuitanidwa? Ndinamvapo anthu akuchitira umboni kuti Mulungu anawaitana kutulo, ena pa matenda, ena anamva mawu ali kumunda. Ine ndikalota ndimalota ndowa zodontha. Zinandisokoneza mutu kwambiri, ndipo ndinkachita mantha.

Abusa athu ankakhala ku Phalombe. Anali ndi matchalitchi ambiri, ndiye kwathu ankabwera panjinga yamoto kamodzi pa miyezi itatu kapena inayi. Tsiku limene anabwera kudzandisanjika manja, ndinawakokera kuseri kwa tchalitchi.

"Abusa, ndifunse nawo. Kodi Mulungu amaitana munthu ndi mizere ya papepala?"

"Bambo, mumafuna akuitaneni pa wailesi?" anatero akuvula chipewa cha njinga. "Mpingo wapemphera, mpingo wasankha. Tiyeni, nthawi yatha."

Ndinagwada, anandisanjika manja, ndinadzuka ndili yemweyo. Sindinamve kutentha kapena kuzizira. Chimene ndinamva n'choti bondo la buluku langa lang'ambika.

Ntchito zina za ukulu wa mpingo ndinkazikwanitsa movutikira. Kuyendera odwala sikunandivute, poti wodwala safuna mawu ambiri. Kulalikira ndinkasiyira ahedi ndi ena odziwa. Koma panali ntchito imodzi yoti sungapatse wina, ndiyo kugawa Mgonero. Abusa akadalitsa mkate ndi chikho, mkulu wa mpingo ndiye amanyamula kupita nazo kwa anthu. Amuna amakhala mbali yawo, amayi mbali yawo. Umapereka mbale kwa munthu wa kumapeto kwa benchi, iye n'kutenga, n'kupatsira mnzake, mpaka kukhoma. Ndipo pali lamulo limene aliyense amalidziwa. Munthu wodulidwa, amene bwalo la mpingo lamuimitsa chifukwa cha tchimo, akakakamira kukhala pabenchi la Mgonero, mkulu wa mpingo amamudumpha. Salankhula kanthu, amangopereka mbale kwa wotsatira. Kwathu palibe manyazi oposa amenewo, ndipo maso a anthu amakhala ali pomwepo.

Mgonero woyamba ndinapempha mkulu mnzanga wokalamba uja kuti atenge mbali ya amayi, ine ya amuna. Zinayenda. Wachiwiri, nkhalambayo inali gone kunyumba, miyendo itatupa. Ndinanong'oneza abusa kuti mwina ahedi andithandize, iwo n'kuti ahedi sanasanjikidwe manja. Mbali zonse ziwiri zinagwera ine.

Apongozi anga anali ndi bondo losapindika, ndiye malo awo anali amodzi chikhalire: benchi loyamba la amayi, kumapeto kwenikweni, kuti mwendo auwongolere m'kanjira. Nditamaliza amuna, ndinatembenuka ndi mbale ya mkate, ndipo munthu woyamba kumupatsa anali iwowo. Ndili patali ndinaona akukokera chitenje kumutu n'kutembenukira kukhoma. Nanenso ndinachita zimene thupi langa linazolowera zaka zonsezi, ndinaponya maso kudenga. Ndikukumbuka kuti ndinaona lata lina lili ndi bowo la msomali, mumtima n'kuti pamenepa pafunika phula. Mutu unali utaima. Kuwapatsa pamanja sindingathe. Kuima pomwepo mpaka kalekale sindingathenso, nyimbo inali ikupita. Ndiye ndinatambasula mkono pamwamba pawo, maso ali kudenga, n'kupereka mbale kwa mayi wachiwiri. Ndinkaganiza kuti iyeyo awabwezera. Sanawabwezere. Mbale inapita mpaka kukhoma n'kudumphira benchi lakumbuyo. Pobwera ndi chikho ndinachitanso chimodzimodzi.

Chodabwitsa n'chakuti ndinatuluka m'tchalitchimo mtima uli m'malo. Ndinkati ndapulumuka, mwambo ndasunga, ntchito ya Mulungu ndagwira. Titalowa m'nyumba mkazi wanga anatseka chitseko, masana dzuwa likuswa mtengo.

"Bambo, amayi anga alakwa chiyani?"

"Alakwa? Ndani wanena kuti alakwa?"

"Mwawadumpha pamaso pa mpingo wonse. Kawiri."

Pamenepo m'pamene zinandilowa. Ndinafotokoza za mwambo, za chitenje, za mayi wachiwiri uja. Mkazi wanga anangondiyang'ana n'kutuluka.

Sabata isanathe nkhani inali itafika kuchigayo. Ena ankati mayiwo amatcheza kachasu mobisa. Ena ankati anawaona kwa sing'anga kutsidya kwa malire. Zoipitsitsa, m'mudzimo munali mutamwalira khanda mwezi wapitawo, ndipo anthu ena anayamba kulumikiza. Ankati mkamwini amakhala nawo pafupi, akudziwa zimene ife sitidziwa, mpingo sungadumphe munthu popanda chifukwa. Mayi amene anabatizidwa ali mtsikana, amene anasenza miyala ya maziko a tchalitchi chimenecho pamutu pawo, anasanduka mfiti chifukwa cha mkono wanga. Anasiya kupita kutchalitchi. Anasiya kupita kumaliro ndi kumjigo. Lamlungu m'mawa belu likamalira, ndinkamva akusesa pabwalo pawo, ndipo tsachelo linkandilasa mumtima.

Ukalakwira munthu umapita kukapepesa. Nanga ukalakwira munthu amene suloledwa kumulankhula? Ndinatuma mkazi wanga, anabwerako n'kuti amayi akuti amva. Ndinamutumanso, anati, "Ine si positi ofesi." Ndinapita kwa amalume aja, chipewa m'manja, kukapempha kuti aitanitse achibale tithetse mwambowu kuti ndikagwade pamaso pa mayiwo. Anandisiya ndili chiimire mpaka anamaliza kusoka thumba la fodya.

"Akuluakulu anati mkamwini asakule mwendo," anatero. "Amene anakujambulirani mizere itatu aja akuchitireni mwambowo."

Kenako ndinaganiza nzeru ina, imene ndinkaiyesa yochokera kumwamba. Lamlungu lina, pa nthawi ya zolengeza, ndinaimirira n'kunena kuti, "Abale, ndikufuna mudziwe kuti apongozi anga sanadulidwe, si mfiti, ndipo satcheza kachasu." Achinyamata kumbuyo anaphulika kuseka. Mkamwini kutchula apongozi ake pagulu, n'kuwatchulira pamodzi ndi ufiti! Amene anali asanamve za kachasu anamvera kwa ine tsiku limenelo.

Apa ndinagonja. Ndinalemba kalata yotula pansi udindo, mizere isanu imene inanditengera m'mawa wonse, n'kukwera njinga kupita kwa abusa. Kuchoka kwathu kupita ku Phalombe umadzera pampata wa Fort Lister, pakati pa Mulanje ndi Michesi, ndipo chitunda chake njinga umachita kukankha. Ndinakankha ndikukangana ndi Mulungu. Ndinati, Ambuye, ngati munandiitanadi, bwanji munandiitanira kumudzi kumene ndilibe pakamwa? Munalibe anthu ophunzira? Ngati simunandiitane, bwanji munalola abusa kundigwira pamutu? Nditafika pamwamba ndinakhala pamwala n'kunena kuti sindichoka mpaka mundiyankhe. Ndinadikira. Kunabwera mayi wina atasenza nkhuni, anandiyang'anitsitsa n'kuti, "Si inu okhoma zidebe inu? Mbaula munandigulitsa ija yathyoka mwendo." Ndinadzuka n'kumapita. Mpaka lero sindidziwa ngati limenelo linali yankho.

Abusa anakulira m'tauni, ndiye poyamba sanamvetse. Anati zimenezo n'zachikale, ndingopita ndikawagwire dzanja mayiwo. Ataona nkhope yanga anasiya kuseka. Anawerenga kalata ija n'kuipinda.

"Chabwino, ndibwera ndekha ndidzacheze nawo kunyumba kwawo."

"Iyayi abusa, chonde. Njinga yanu ikaima pakhomo pawo, anthu adzati zatsimikizika, abusa abwera kudzawalapitsa."

"Ndiye mukufuna ndichite chiyani, bambo?"

Ndinali nditayenda mtunda wonsewo kuti andiuze iwo. Anaika kalatayo m'thumba la malaya n'kuti Mgonero wotsatira uli patsogolo masabata atatu, ndidzawauze m'mawa wa tsikulo ngati aiwerenge kumpingo kapena aing'ambe.

Masabata atatuwo ndinakhoma zidebe zokhota. Ndinkapemphera, koma pemphero linkangozungulira pamalo amodzi ngati nkhuku yomangidwa mwendo. Loweruka lomaliza, chakumasana, mkazi wanga atapita kumsika, ndinamva apongozi akupeta nandolo kuseri kwa nkhokwe. Sindinganene kuti ndinalimba mtima. Ndinangotopa. Ndinapita n'kukhala pansi mbali yanga ya nkhokwe, msana nditatsamira nsungwi, nkhope nditalozetsa kunyumba kwanga. Iwo anali mbali inayo. Lichero linasiya kulira.

"Amayi, ndine," ndinatero m'Chilomwe, poti Chichewa iwo ankachisungira kutchalitchi ndi kuchipatala. "Ndalakwa kubwera. Ndinalakwanso tsiku lija. Ndapereka kalata kwa abusa. Mawa sindinyamula mbale, ndikusiya. Mukhoza kubwerera pamalo panu."

Nkhuku zinabwera kudzatola nandolo wogwa, iwo n'kuziingitsa. Atayamba kulankhula ankalankhula ngati akuuza licherolo.

"Akusiya. Ndiye anthu adzati chiyani? Adzati nkhalamba ija yamulodza mkamwini wake mpaka wathawa mbale ya Muluku. Andiwonjezere zimenezonso?"

Muluku ndiye Mulungu m'Chilomwe. Zimene ananenazo sindinaziganizire n'komwe.

"Mbale ija ndi ya akamwini anga kodi? Anakhoma okha?"

"Iyayi, amayi."

"Nanga anandimana bwanji chinthu cha eni ake?"

"Munatembenukira kukhoma, amayi. Ndinati ndikakupatsani pamanja ndikuchititsani manyazi."

Anapuma mpweya wautali.

"Nkhope ndinatembenuza, inde. Ndinaleredwa choncho, ndidzafa choncho. Koma dzanja ndinatambasula. Pa mkate ndinatambasula, pa chikho ndinatambasulanso. Linakhala m'malere mpaka linatopa lokha. Mpingo wonse unaliona dzanja limenelo."

Ndinamva ngati andithira madzi ozizira. Miyezi yonseyi palibe anandiuza, ngakhale mkazi wanga, chifukwa aliyense ankayesa kuti ndinaliona n'kulilambalala dala. N'chifukwa chake mayi wachiwiri uja sanabweze mbale. Ine maso anali pa bowo la msomali. Ndinalira pamenepo, bambo wa ana asanu, kuseri kwa nkhokwe, ndikudzitseka pakamwa ndi chipewa kuti asamve. Ndikhulupirira anamva, chifukwa anayambanso kupeta mwamphamvu kuposa mmene nandolo amafunira.

"Mawa mubwera, amayi?"

"Bondo likalola," anatero.

M'mawa mwake abusa anandipeza pakhomo la tchalitchi. Anagwira thumba la malaya awo n'kundiyang'ana.

"Tiwerenge kapena ting'ambe?"

"Sindikudziwa, abusa."

"Miyezi yonseyi simukudziwabe?"

"Sindikudziwa ngati anandiitana. Ndikungodziwa kuti pali munthu amene ndinamumana."

Abusa anati, "Kasambeni m'manja, mudzandithandize kuyala nsalu patebulo."

Mapemphero anayamba malo aja ali opanda munthu. Amayi a benchi loyamba anali atasiya mpata kumapeto, palibe anafuna kukhalapo. Nyimbo yoyamba inatha. Ahedi anawerenga mawu, sindinamve ngakhale limodzi. Tili m'kati mwa nyimbo yachiwiri ndinamva ndodo ikugogoda simenti pang'onopang'ono kuchokera kukhomo, ndipo mitu yonse inatembenuka kupatula wanga. Ndodoyo inayenda kanjira konse mpaka kutsogolo, benchi n'kulira.

Abusa atadalitsa mkate anandipatsa mbale. Mwa chizolowezi timayambira amuna. Sindikumbuka kuti ndinaganiza zosintha, koma ndinapezeka ndikulowera mbali ya amayi, ndipo ndinamva abambo akung'ung'udza kumbuyo kwanga. Apongozi anakokera chitenje kumutu n'kutembenukira kukhoma monga kale. Khosi langa linafuna kupita kudenga lokha. Ndinalikaniza, n'kuyang'ana pansi pa chitenjecho.

Dzanja linali pomwepo, lotambasula. Linali laling'ono kuposa mmene ndinkaganizira, la zikhatho zong'aluka ndi khasu. Ndinatsitsa mbale mpaka inakhudza zala zawo. Anafufuza, anatenga kachidutswa, n'kukalowetsa kuseri kwa nsalu. Ngakhale oimba anali atasokoneza mzere.

Chikho ndiye chinavuta. Chathu chinali chachikulu, chachitsulo, chofuna manja awiri, ndipo pobwera kwa munthu woyamba chimakhala chodzaza. Iwo dzanja limodzi linali litagwira chitenje kuti chisagwe kumaso, linalo palokha silikanatha. Anayesa kunyamula, chikho chinapendama, ndinachigwira msanga. Anayesanso, chimodzimodzi. Kusiya chitenje sakanalola, ndipo ine kuchoka osamwa iwo sindikanalolanso. Sindinadziwe chimene buku la mpingo limanena pa zoterezi, kapena chimene mwambo umanena, ndipo panalibe woti ndimufunse. Ndinagwada pasimenti pafupi ndi mwendo wawo wowongoka uja, ndinagwira chikho kunsi, n'kuchilowetsa ndekha pansi pa chitenje. Zala zawo zinagwira pamwamba pa zanga. Manja anga, amene amamenya nyundo tsiku lonse osaphonya, anapendeketsa chikho mopitirira mpaka vinyo anatsikira m'mkono wa malaya anga.

Pamenepo ndinamva mawu kuchokera m'chitenjemo, otsika, oti ndimve ine ndekha. Sankauza khoma kapena lichero.

"Pang'onopang'ono, mwananga, ndingatsamwe."

Ndinabweza chikho pang'ono, ndipo anamwa.